MAKINA OZINDIKIRA MATENDA A MBEU PA CITHUNZI: KODI MLIMI AWAKHULUPIRIRE MPAKA PATI?

M'mwezi wa November caka ca 2024, Boma linaulutsa ndondomeko yonena za m'mene dziko la Zambia lifunira kugwiritsa nchito makina a kompyuta amene amaphunzira okha, ndipo malimidwe anachulidwa pakati pa nchito zimene makinawo ayenera kuthandiza. Nkhaniyi inakambidwa ku Lusaka m'Cingelezi, motero ambiri a kumidzi amene anaimva pa wailesi anaiyesa nkhani ya anthu a m'maofesi. Komatu mbali imodzi ya nkhaniyi inafika kale m'minda ya maiko a mu Africa. Iyi ndiyo lamya ya m'manja imene imajambula tsamba la cinangwa kapena la cimanga, nkuchula dzina la matenda kapena la kacilombo kamene kaligwira. Funso limene likhudza mlimi wa ku Katete, wa ku Petauke ndi wa ku Lundazi nlakuti: kodi lamya yotere ikanena kuti munda wadwala, iye agule mankhwala kapena azule mbeu zace potsata mau a makinawo?

Zimene zacititsa kuti funsoli likhale lolemera ndi mavuto atatu amene anagwera alimi a dziko lino m'zaka zocepa cabe. Loyamba ndi mbozi za mtundu wacilendo za nchembere-zandonda. Kwao kwa mbozizi ndi ku America, koma zinaoneka kumadzulo kwa Africa kuciyambi kwa caka ca 2016, ndipo pofika mwezi wa December caka comweco zinali zitalowa m'minda ya cimanga muno m'Zambia. Zinafala msanga kotero kuti malemu a Edgar Lungu, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analamula ndeke za asilikali kuti zinyamule mankhwala kupita nao ku zigawo. Vuto laciwiri ndi matenda oola mizu ya cinangwa ochedwa brown streak, amene akatswiri a bungwe la Boma lofufuza za malimidwe la ZARI anawapeza m'maboma a Chienge ndi Kaputa m'caka ca 2017. Lacitatu ndi cilala ca dzinja la 2023 ndi 2024. Pa 29 February 2024 mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi ngozi ya dziko lonse, pakuti mahekitala a cimanga okwana ngati 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa anali atauma. Kucokera pamenepo mau olimbikitsa alimi kubzalako cinangwa ndi mapira anakula, ndipo mlimi wa kum'mawa amene anazolowera cimanga, nsawawa ndi thonje akayamba kubzala cinangwa, amakhala akusamala mbeu imene matenda ace sawadziwa bwino.

Alangizi a za malimidwe ndi ocepa, ndipo mlangizi mmodzi amayang'anira midzi yambiri yotalikirana. Apa ndi pamene anthu ofufuza a m'masukulu a maphunziro apamwamba anaganiza kuti mwina diso la makina lingafike kumene njinga ya mlangizi siingafike m'nthawi yace.

M'MENE MAKINA AMAONERA

Kunena zoona, kompyuta siiona ciri conse monga m'mene munthu aonera. Cithunzi cikalowa m'makina cimagawidwa m'timadontho tambiri-mbiri tondandalikidwa m'mizere, monga mikanda yolukidwa pa lamba. Kadontho kali konse kamasungidwa monga manambala atatu osonyeza kuculuka kwa mtundu wofiira, wobiriwira ndi wa buluu, ndipo nambala iri yonse imayambira pa 0 kulekeza pa 255. Cithunzi coyamba kulowetsedwa m'kompyuta mwa njira yotere cinapangidwa m'caka ca 1957 ku America ndi a Russell Kirsch, ndipo cinali ca mwana wao wakhanda. Cinali ndi timadontho 176 m'litali ndi 176 m'lifupi. Lamya wamba ya masiku ano imajambula cithunzi ca timadontho mamiliyoni angapo.

Kusandutsa cithunzi kukhala manambala sikunavute kwambiri. Cimene cinasautsa akatswiri kwa zaka zoposa makumi asanu ndico kuphunzitsa makina kuti pa mulu wa manambalawo azindikire kuti ici ndi ciani. Poyamba anayesa kulemba malamulo, monga akuti tsamba lodwala liri ndi mawanga acikasu a ukulu wakuti-wakuti, koma malamulowo anali kulephera tsamba likangopindika kapena mthunzi ukagwerapo. Njira imene inapambana ndi yofanana ndi m'mene mwana wobusa amadziwira ng'ombe za m'khola la atate wace. Palibe amene amamlembera maonekedwe a ng'ombe iri yonse. Amangoziona tsiku ndi tsiku, akuluakulu namuuza maina, namkonza akalakwa, mpaka atha kuzindikira ng'ombe yao iri kutali pakati pa za eni. Makina naonso amaonetsedwa zithunzi zikwi-zikwi zimene anthu odziwa analembapo kale maina. Makinawo akachula dzina lolakwa, manambala a m'kati mwace amasinthidwa pang'ono, ndipo izi zimabwerezedwa kambiri-mbiri kufikira zolakwa zitacepa.

Njirayi inaonetsa mphamvu yace m'caka ca 2012, pa mpikisano wozindikira zithunzi wochedwa ImageNet. Makina a ophunzira awiri a pa University of Toronto ku Canada, pamodzi ndi mphunzitsi wao a Geoffrey Hinton, analakwa pa zithunzi 15 mwa 100 ziri zonse, pamene amene anawatsatira analakwa pa 26. Kucokera caka cimeneco ofufuza a za umoyo, a za malimidwe ndi a nchito zina zambiri anatengera njira yomweyo. A Hinton analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2024.

ZA M'NYUMBA YOFUFUZIRA NDI ZA M'MUNDA

Pa nkhani ya mbeu, nchito yodziwika kwambiri ndi ya gulu la PlantVillage limene linayambitsidwa pa Penn State University ku America ndi a David Hughes ndi a Marcel Salathé. M'caka ca 2016 iwo pamodzi ndi a Sharada Mohanty anaulutsa zotsatira za kufufuza kwao. Anaphunzitsa makina ndi zithunzi 54,306 za masamba a mbeu za mitundu 14 ndi matenda 26, ndipo powayesa makinawo anachula zoona pa zithunzi zoposa 99 mwa 100 ziri zonse. Manyuzipepala ambiri anathamangira ciwerengero cimeneci. Koma m'cikalata comweco munali ciwerengero cina cimene eni ace sanacibise: pamene makinawo anapatsidwa zithunzi zojambulidwa kwina ndi anthu ena, anachula zoona pa 31 cabe mwa 100.

Kusiyana kumeneku ndiko phata la nkhani yonse, ndipo aliyense wofuna kugulitsa makina otere kwa alimi ayenera kufunsidwa za iko. Zithunzi zophunzitsira zija zinali za masamba othyoledwa, oikidwa limodzi-limodzi pa malo osalala. M'munda simuli tero. Dzuwa la m'mawa ndi la masana limasintha maonekedwe a tsamba, fumbi limakhala pamwamba pace, masamba amapanikizana, kumbuyo kumaoneka udzu, dothi kapena dzanja la wojambula. Ndiponso tsamba limatha kucita cikasu cifukwa ca njala ya m'nthaka kapena kusowa kwa madzi, popanda matenda ali onse. Makina amadziwa zokha-zokha zimene anaonetsedwa, ndipo coipa cace ncakuti akakumana ndi cinthu cacilendo kawiri-kawiri sanena kuti sakucidziwa, koma amachula dzina la cimene cafanana naco pang'ono.

Ofufuzawo anaona kuti afunika kupita kumunda. Anagwirizana ndi bungwe la IITA lofufuza za mbeu za m'maiko otentha, ndipo anajambula zithunzi 2,756 za masamba a cinangwa m'minda ya bungwelo ku Bagamoyo m'dziko la Tanzania. Zotsatira zace zinaulutsidwa m'caka ca 2017 ndi a Amanda Ramcharan ndi anzao, kusonyeza kuti makina anachula zoona pa zithunzi 93 mwa 100. Pa nchito imeneyi ndi pamene panacokera pulogalamu ya m'lamya yochedwa Nuru, dzina la Ciswahili lotanthauza kuwala. Ubwino wace waukulu ngwakuti ikalowetsedwa m'lamya imatha kuyang'ana tsamba ngakhale kumalo kopanda intaneti. M'mwezi wa June caka ca 2018 bungwe la FAO la United Nations linalengeza kuti Nuru yaphunzitsidwanso kuzindikira zizindikiro za nchembere-zandonda pa cimanga.

Mayeso oyenera kuwasamala kwambiri ndi amene anaulutsidwa m'caka ca 2020 ndi a Latifa Mrisho ndi anzao, pakuti anayerekeza makinawo ndi anthu a kum'mawa kwa Africa amene amagwira nchito ya cinangwa. Nuru inachula zoona pa 65 mwa 100. Alangizi a za malimidwe anapeza pakati pa 40 ndi 58, ndipo alimi anapeza pakati pa 18 ndi 31. Pamene makinawo anaonetsedwa masamba asanu ndi limodzi a mtengo umodzi m'malo mwa tsamba limodzi, ciwerengero cao cinakwera kufika pakati pa 74 ndi 88.

Manambala awa angawerengedwe m'njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri nzoona. Wina adzati makina apambana mlangizi. Wina adzati makina amene amalakwa kamodzi pa katatu kali konse sayenera kupatsidwa mphamvu yolamula mlimi kuzula munda wace. Cimene cioneka poyera ncakuti matenda a cinangwa ngovuta kuwazindikira kwa munthu ndi kwa makina omwe, ndi kuti wojambula tsamba limodzi lokha nkukhulupirira yankho lace akudzinamiza. Cifukwa cace cidziwika. Khate la cinangwa limaonekera bwino pa masamba anthete a kunsonga, amene amakwinyika ndi kucita mawanga, pamene brown streak amaonekera kwambiri pa masamba okhwima a m'munsi, ndipo nthawi zina zizindikiro zace nzosaoneka bwino konse. Mtengo umatha kuoneka wathanzi caka conse, koma pokumba mlimi napeza mizu yoola m'kati, ya mawanga ofiirira ndi ouma, yosadyeka ndi yosagulitsika. Palibe lamya imene ingajambule za pansi pa nthaka.

Matenda awiriwa alibe mankhwala opopera. Amafala ndi tinchenche toyera, koma maka-maka ndi mitengo yobzala imene anthu amapatsana kucokera ku munda wodwala. Motero phindu leni-leni la makinawa pa cinangwa siliri pa kuciritsa munda, koma pa kusankha mbeu. Mlimi amene afuna kutenga mitengo yobzala kwa mnzace angathe kuyendera mundawo usanakololedwe, nayang'ana mitengo yambiri, masamba a pamwamba ndi a pansi omwe, ndipo akakaikira asatenge. Kwa alimi a kum'mawa amene angakopeke kuitanitsa mitengo ya cinangwa kucokera kumpoto kwa dziko, kumene brown streak anapezeka, nkhaniyi njosayenera kuipeputsa.

Pa cimanga zinthu nzosiyanako. Mbozi ya nchembere-zandonda yacilendoyi ikakula siivuta kuizindikira ndi maso: pamutu pace pali cizindikiro conga cilembo ca Y cozondoka, ndipo cakumcira kuli timadontho tinai takuda tokhala ngati ngondya zinai za nyumba. Mumtima mwa cimanga imasiya ndowe zonga utuci wonyowa. Mlimi amene waonetsedwa kamodzi saiwala, ndipo safunika lamya kuti aisiyanitse ndi kapuci. Cobvuta ndico kuipeza ikali yaing'ono, pamene yangopala tsamba nkusiya timawindo toonekera, cifukwa ikakula ndi kubisala mumtima mwa cimanga mankhwala saifika bwino. Langizo la FAO nlakuti mlimi ayende m'munda mokhota-khota monga cilembo ca W, aime malo asanu, ndipo pa malo ali onse ayang'ane mapesi khumi. Makina angathandize kuwerenga ndi kutumiza ciwerengeroco ku likulu, kuti a Boma adziwe dera limene mbozi zayamba, pakuti gulugufe amene amaikira mazira a mbozizi amatha kuuluka mtunda wa makilomita 100 usiku umodzi. Koma kuyenda m'mundako ndi nchito ya miyendo ya mlimi.

MAKINA NDI MUNTHU WOWAGWIRA

Pali nthambi ina ya maphunziro imene siichulidwa kawiri-kawiri, koma kwa anthu a kumidzi ndiyo yofunika kopambana. Iyi imafufuza za m'mene munthu ndi makina amamvanirana. Makina angakhale anzeru cotani, ngati mai wa ku Chadiza sangathe kupeza podina, kapena yankho likabwera m'Cingelezi ca m'mabuku, nzeruzo zapita pacabe.

Ofufuza a ku India anacita nchito yaikulu pa mbali imeneyi. A Indrani Medhi ndi anzao a ku Microsoft Research, pogwira nchito ndi amai osadziwa kuwerenga a m'makomboni a mzinda wa Bangalore, anapeza kuti anthu otere amamva msanga zithunzi zojambula pamanja zosonyeza munthu akucita cinthu, pamodzi ndi mau olankhulidwa m'cinenero cao, kusiyana ndi zilembo kapena tizizindikiro ta m'maofesi. Ku Gujarat, m'dziko lomwelo, a Neil Patel ndi anzao anayesa njira yakuti alimi aziimba lamya ndi kumva malangizo. M'caka ca 2009 anaulutsa cinthu cimene ambiri sanaciyembekeze: alimi anatha bwino nchitoyo podina manambala a pa lamya kusiyana ndi polankhula kwa makinawo. Phunziro lace linali lakuti cimene cioneka capafupi kwa wopanga makina siciri capafupi kwa wowagwiritsa nchito, ndipo njira yodziwira ndiyo kukhala pansi ndi anthuwo nkuona pamene akukakamira.

Muno m'Zambia mbali ya cinenero yayamba kugwiridwa. M'caka ca 2023 a Claytone Sikasote a pa University of Zambia pamodzi ndi anzao anaulutsa nchito yochedwa Zambezi Voice, imene inasonkhanitsa mau olankhulidwa m'Cibemba, m'Cinyanja, m'Citonga ndi m'Cilozi kuti makina aphunzirepo kumva zinenerozi. Imeneyi ndi nchito ya maziko, yosamveka kutali, koma popanda iyo sipangakhale lamya yoyankha mlimi m'cinenero cace. Ngakhale ziri tero, Cinyanja ca pa wailesi ndi m'mabuku sicifanana kweni-kweni ndi Cinsenga ca ku Petauke, Cikunda ca ku Mambwe kapena kalankhulidwe ka Angoni a kwa Mpezeni, ndipo makina ophunzira mau a anthu a m'tauni okha adzagwa m'mbuna yomwe ija imene anagwamo makina ophunzira masamba a pa tebulo.

Zina zolepheretsa nzodziwika kwa ali yense wokhala kumudzi. Lamya yojambula bwino njodula, ndipo pabanja pakakhala imodzi kawiri-kawiri imayenda ndi bambo kapena mnyamata, pamene wopalira ndi woona mbozi poyamba ndi mai. Moto wa m'lamya umafuna magetsi kapena sola, ndipo caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, ngakhale a m'tauni anali kukhala maola ambiri opanda magetsi. Cifukwa ca ici, nzeru yakuti mlimi ali yense akhale ndi makina ace ndi ya kutsogolo. Cothekera lero ndico kuika lamya zotere m'manja mwa alangizi, alimi otsogolera ndi makalabu a amai, kuti lamya imodzi itumikire mudzi wonse. Mlangizi wokhala ndi makina ndi wamphamvu kupambana mlangizi wopanda makina, ndiponso kupambana makina opanda mlangizi, pakuti iye angathe kufunsa za mvula, za feteleza ndi za kumene mbeu inacokera, zimene cithunzi sicinena. Ngati ena angaganize kuti kubwera kwa lamyazi ndi mwai wocepetsera ciwerengero ca alangizi, manambala a m'caka ca 2020 aja sawavomereza.

ZITHUNZI ZA MINDA YA KUNO

Makina ophunzitsidwa ndi cinangwa ca ku Bagamoyo anaona mitundu ya cinangwa ya kumeneko, pa dothi la kumeneko. Dziko la Uganda linazindikira msanga kuti liyenera kukhala ndi zithunzi zace-zace. Ofufuza a pa Makerere University pamodzi ndi bungwe la Boma lofufuza za mbeu la ku Namulonge anapempha alimi kuti azijambula minda yao, akatswiri nalemba maina a matenda pa zithunzizo, ndipo m'caka ca 2020 zithunzi zoposa 21,000 zinaperekedwa pa mpikisano wa akatswiri a kompyuta a dziko lonse lapansi. Zithunzizo zinali za m'minda yeni-yeni, zina zosaoneka bwino, zina za mthunzi, ndipo ubwino wace unali pomwepo.

Dziko la Zambia liri nazo zipangizo zocitira cimodzi-modzi. Kuli malo ofufuzira za malimidwe a Mount Makulu ku Chilanga, a Msekera ku Chipata ndi a ku Mansa, kulinso ophunzira za kompyuta m'masukulu a maphunziro apamwamba. Mbeu zina zimene mabanja a kum'mawa amapezera ndalama ndi ndiwo, monga nsawawa, nyemba za soya, mpendadzuwa ndi thonje, ziri ndi matenda ao amene afunika zithunzi za m'minda ya kuno. Nchito yace njotopetsa, pakuti cithunzi ciri conse cifunika katswiri wotsimikiza dzina la matenda, ndipo dzina likalembedwa molakwa makina amaphunzira colakwaco.

Nkhani ya ndalama nayo iyenera kunenedwa. Gawo lalikulu la kufufuza kotere mu Africa lakhala likulipiridwa ndi maiko akunja. Gulu la PlantVillage linalandirako thandizo kucokera ku bungwe la USAID la boma la America, ndipo bungwe limenelo linatsekedwa m'caka ca 2025. Pulogalamu ya m'lamya imafuna anthu oisamala ndi kuiphunzitsa za matenda atsopano caka ndi caka, kotero dziko limene lidalira ya eni lingadzuke tsiku lina nkupeza kuti yaleka kugwira nchito pakati pa dzinja.

Palinso funso la mwini wace wa zithunzizo. Cithunzi cojambulidwa ndi lamya cimatha kunyamula cizindikiro ca malo eni-eni a mundawo, ndipo zithunzi zikwi zambiri zikasonkhana zimaulula kumene kuli mbeu zabwino ndi kumene kuli njala, nkhani imene ogula mbeu ndi ogulitsa mankhwala angaikonde kwambiri. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya anthu yosungidwa m'makompyuta m'caka ca 2021, ndipo lamulolo lipatsa munthu ufulu wouzidwa cifukwa cimene mbiri yace ikutengedwera. Nyakwawa kapena wapampando wa kalabu amene alendo amfikira ndi malamya kuti ajambule minda ya anthu ace ali ndi mphamvu yofunsa kumene zithunzizo zikupita, amene adzazisunga, ndiponso ngati yankho la makinawo lidzatsimikizidwa ndi mlangizi wa Boma wa m'deralo mlimi asanaononge ndalama zace pa botolo la mankhwala.